Kulanga: Kuonetsa Njira Kapena Kukhaulitsa?

Abwenzi, phunziro la sabata ino likukhudza liwu limodzi lokha, lakuti "kulanga". Tonse timalitchula kunyumba, kusukulu ndi kumakalasi a ana, koma si nthawi zonse pamene timamvana chimene tikutanthauza. Tiwerenge mokweza, mosinthana ndime ndi ndime. Pa mapeto a gawo lililonse tiime kaye, tikambirane mafunso tisanapitirire.

Gawo 1: Pempho la azakhali

Loweruka lina masana, kalasi ya ana ya m'dera lathu itangoyamba pansi pa mtengo wa mango, kunafika mayi wina atagwira padzanja mnyamata wa zaka 8. Anali azakhali ake. Makolo a mwanayo anapita kukagwira ntchito ku Johannesburg ndipo anamusiya m'manja mwawo. Titapatsana moni, mayiwo anati: "Aphunzitsi, mundilangireko mwanayu. Alibe mwambo. M'nyumba za anthu amangolowa osaodira. Mukamuitana amayankha kuti 'chiyani'. Chinthu amachita chotsomphola m'manja mwa munthu wamkulu. Ine ndalephera."

Aphunzitsi tinalipo awiri. Mayiwo atachoka, tinazindikira kuti tamva zosiyana. Mmodzi anamva kuti tapemphedwa kukhala naye pansi mwanayo ndi kumuuza zoyenera kuchita. Winayo anamva kuti tapatsidwa chilolezo choti timuthyolere kamtengo. Mwanayo anamva zachiwirizi, chifukwa tsiku lonselo anakhala kumapeto kwa mkeka, maso ali pa manja athu. Mnzathu atatambasula dzanja kuti amupatse chekeni, iye anabisa mutu.

Palibe amene tinganene kuti anamva molakwika, chifukwa Chichewa chimalola matanthauzo onse awiri. Kulanga n'kuphunzitsa munthu khalidwe, ndipo kulanga n'kumumvetsa ululu chifukwa cha cholakwa. Vuto lake n'lakuti tanthauzo limene munthu wamkulu wasankha mumtima ndi limene limagwera pa mwana. Choncho nkhaniyi si ya galamala chabe. Ikukhudza zimene zidzachitike kunyumba kwathu madzulo ano mwana akaswa mbale kapena akayankha mwachipongwe.

Tikambirane:
1. Mukanakhala inu, mukanamva chiyani pa mawu akuti "mundilangireko mwanayu"?
2. N'chifukwa chiyani mwanayo anamva zoti amenyedwa?

Gawo 2: Mawu a muzu umodzi

Tiyeni tione mawu onse amene amaphuka pa muzu wa -lang-, ngati mmene timaonera abale a mimba imodzi.

Choyamba pali kulanga kwenikweniko. Timati "anamkungwi akulanga namwali", kutanthauza kuti akumuphunzitsa za ukulu. Timatinso "khoti lalanga wakuba", kutanthauza kuti lamugamula. Mneni ndi mmodzi, koma namwali amatuluka anthu akululutira, pamene wakuba amatuluka ali ndi unyolo.

Kenaka pali kulangiza, malangizo ndi mlangizi. Mawu awa alibe mkwapulo m'kati mwake. Mlangizi wa zaulimi amabwera kumunda, n'kutionetsa kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, ndipo paphando pagwe mbewu imodzi. Mlangizi wa zaumoyo amatiuza kusikelo za katemera ndi kadyetsedwe ka ana. Tikamva kuti kwabwera alangizi sitithawa, timayala mkeka. Palinso chilangizo, mwambo wophunzitsa atsikana otha msinkhu ndi anthu olowa m'banja. Mipingo ina, monga CCAP ya sinodi ya Nkhoma, inakhazikitsa chilangizo m'malo mwa chinamwali cha kumudzi, ndipo ntchito ya anamkungwi inapatsidwa kwa alangizi.

Mbali inayo kuli chilango. Liwu ili lilibe kukoma kulikonse. Palibe mkwatibwi amene anganene kuti "dzulo ndinalandira chilango chabwino". Chilango ndi faindi, ndende, kuchotsedwa sukulu, kukwapulidwa.

Tikaona bwino, mawuwa anagawana chuma cha kholo lawo. Kulangiza kunatenga kuphunzitsa, chilango chinatenga ululu, ndipo kulanga kunatsala pakati. Masiku ano kukupendekera kuchilango. Tayesani kuuza mwana wa Sitandade 4 kuti "bwera ndikulange", muone ngati abwere akumwetulira. Komabe agogo akamati "mtsikana uyu analangidwa", amakhala akumuyamikira.

Tanthauzo lakalelo limaonekera bwino m'liwu lakuti "wosalangidwa". Tikatero sititanthauza kuti mwanayo sanamenyedwepo. Alipo ana amene amamenyedwa tsiku ndi tsiku koma anthu amawatchulabe osalangidwa. Timatanthauza kuti palibe amene anakhala naye pansi. N'chifukwa chake mawuwa amapweteka kwambiri makolo kuposa mwanayo. Amadutsa pamutu pa mwana n'kukagwera pakhomo pamene anachokera, monga amanenera akuluakulu kuti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Abale athu olankhula Chibemba ku Zambia ali ndi mneni wakuti ukulanga, ndipo kwa iwo amatanthauza kuonetsa. Kwathu kuno nako, mlendo wosokera angathe kunena kuti "ndilangizeni njira". Wolangiza njira sakalipira mlendo chifukwa chosadziwa msewu. Amaloza, ndipo ngati njirayo ili yosokoneza amamuperekeza.

Tikambirane:
1. Malizitsani ziganizo izi ndi liwu loyenera: "Akwati alandira ______ kwa ankhoswe." "Woweruza wapereka ______ chokhwima." "Agogo ______ adzukulu awo za kulandira alendo."
2. Kodi kwanu liwu lakuti "kulanga" mumalimva kawirikawiri m'tanthauzo liti?

Gawo 3: Kumene makolo ankalangira

Kale mwana sankalangidwa ndi munthu mmodzi, ndiponso sankalangidwa tsiku limodzi. Ntchitoyi inkayambira pamphasa madzulo, agogo akamakamba nthano. Ana ankamva za mtsikana wamwano amene ananyoza nkhalamba n'kukumana ndi tsoka, ndi za mnzake wofatsa amene anaithandiza n'kudalitsika. Palibe amene ankalozedwa chala, koma aliyense ankadziona yekha m'nthanomo.

Akakulirapo, anyamata ankagona kumphala ndipo atsikana kukuka, pafupi ndi agogo aakazi. Kumeneko ankaphunzira kwa anzawo okulirapo. Mtsikana akatha msinkhu ankalowa m'tsimba, anamkungwi n'kumamulanga. Pambali pake pankakhala phungu, mayi womusamalira ndi kumufotokozera zimene sanamvetse. Dzina lomweli ndi limene lero timatchulira munthu wotiimira kunyumba ya malamulo. Anyamata a Chichewa ankalangidwira kudambwe, a Chiyao kundagala. Pakhomo, amalume anali ndi mawu amphamvu pa ana a alongo awo. Zambiri mwa izi zikuchitikabe m'midzi, ndipo pa mwambo wa Kulamba, umene umachitika mu Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, anamwali olangidwa amatuluka pabwalo pamaso pa Kalonga Gawa Undi ndi khamu la anthu. Buku la John Gwengwe lakuti Kukula ndi Mwambo linalembedwa pofuna kusunga maphunziro a mtundu umenewu.

Pa kulanga kumeneku tikuonapo zinthu zitatu. Choyamba, wolanga anali munthu wodziwika, amene adzakhalepo mawa ndi mkuja. Chachiwiri, ankaphunzitsa ndi zooneka: nyimbo, miyambi, zinthu zoumba ndi dothi, ndi kuyeserera. Namwali sankangouzidwa kuti uzigwada. Ankagwada pomwepo, akalakwitsa n'kubwereza. Chachitatu, kulanga kunkatsogola. Mtsikana ankalangidwa za banja asanalowe m'banja, za uchembere mwana asanabadwe. Sankadikira kuti alakwe kaye. M'mera mpoyamba.

Tisanamizane kuti zonse zinali zokoma. Mwana wodziwika ndi mwano akalowa m'tsimba kapena kudambwe ankakhaulitsidwa, ndipo makolo ena ankachita kukamunenera kwa anamkungwi. Choncho matanthauzo awiri aja akhala akuyendera limodzi kuyambira kale. Ndiponso zina zimene zinkaphunzitsidwa zinkakankhira atsikana kubanja ali aang'ono. N'chifukwa chake lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo, ndipo mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anathetsa maukwati ambiri a ana. Si chilichonse chotchedwa mwambo chimene chiyenera kusungidwa. Zimene tikufuna kutolapo ndi zitatu zija.

Tikambirane:
1. Ndani anakulangani inu muli mwana? Tchulani chinthu chimodzi chimene mukuchikumbukirabe, ndi mmene anakuphunzitsirani.
2. Pa zinthu zitatu zija, n'chiti chimene chikusowa kwambiri m'dera lathu?

Gawo 4: Mmene tanthauzo lina linakulira linzake

Nanga zinatani kuti mwana wa lero akamva "kulanga" aziganiza za mkwapulo? Tikaganizira bwino, pali zifukwa zingapo.

Boma, makhoti ndi ndende zitakhazikika, pankafunika liwu lotchulira chigamulo cha woweruza, ndipo liwu lake linakhala chilango. Lero wailesi imatiuza tsiku lililonse za anthu amene alangidwa ndi khoti, koma kawirikawiri siitiuza za mdzukulu amene walangidwa ndi agogo ake. Kusukulu nako, wochedwa ndi wolongolola amalangidwa: kutchetcha, kukumba dzenje, kukolopa. Ana amazitcha chibalo, liwu limene ku Mozambique m'nthawi ya Apwitikizi linkatanthauza ntchito yokakamiza. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, limagwiritsa ntchito kulanga ponena za bambo wowongola mwana amene amamukonda, komanso ponena za chiweruzo cha oipa, ndipo ambiri chimene chinatikhala m'makutu n'chachiwirichi.

Chifukwa china chili m'nyumba mwathu momwe. Ambiri tikukhala kutali ndi agogo. Mphala ndi kuka kulibe. Timachoka m'mamawa, timabwera dzuwa litalowa, titatopa. Nthawi yokhayo imene timalankhula ndi mwana za khalidwe ndi pamene walakwa kale, ife mtima uli m'mwamba. Mwana amene amamva liwu lakuti kulanga pa nthawi yotereyi yokha sangadziwe kuti lili ndi tanthauzo lina.

Si liwu lokhali limene linasintha motere. Kuthangata n'kuthandiza, ndipo kale anthu ankathangatana kumunda ndi pomanga nyumba. Koma m'minda ya azungu ya kuchigawo cha kummwera, thangata inasanduka ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira kuti asachotsedwe pamalo. Inali imodzi mwa nkhanza zimene John Chilembwe anaukira mu 1915, ndipo inathetsedwa mu 1962. Mpaka pano munthu akati "imeneyi ndi thangata", palibe amene amaganiza za chithandizo. Liwu labwino likagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali pophimba nkhanza, limatenga fungo la nkhanzayo.

Zinenero zina zinakumananso ndi zomwezi. M'Chiarabu, adab ndi ulemu ndi khalidwe labwino, ndipo ta'dib n'kuphunzitsa munthu ulemuwo, koma liwu lomwelo limatanthauzanso kupereka chilango. Aswahili anabwereka liwulo n'kukhala adabu, ndipo Mswahili akanena kuti akutia adabu, konzekerani zowawa. Liwu la Chingerezi lakuti discipline linachokera ku Chilatini, kumene discipulus anali wophunzira, koma kusukulu tonse tikudziwa kuti woitanidwa kukomiti ya disipulini sakukaphunzira. Zikuoneka kuti kulikonse anthu akulufe timapeza kuti kukwapula n'kwachidule kuposa kuphunzitsa, ndipo timabisa chidulecho m'dzina la kuphunzitsa.

Tikambirane:
1. Pa sabata yathayi, ndi kangati pamene tinalankhula ndi ana athu za khalidwe iwo asanalakwe?
2. Mukudziwa mawu ena a Chichewa amene tanthauzo lake linasintha ngati thangata?

Gawo 5: Kodi timalanga chiyani?

Tibwerere ku madandaulo a azakhali aja: kuodira, kuyankha, kulandira. Zimenezi n'zimene timazitcha ulemu. Chilichonse mwa izo chili ndi chifukwa chake, ndipo mwana ali ndi ufulu womva chifukwacho.

Timati "odi" chifukwa nyumba ndi malo a mwini wake. Mwina akuvala, mwina akudya, mwina akukambirana zawo. Tikaodira timamupatsa mpata woti akonzeke, ndipo timavomereza kuti angathe kutiuza kuti tidikire. Timalandira ndi manja awiri posonyeza kuti chimene tapatsidwa sitikuchiyesa chathu kale, ndiponso kuti maganizo athu onse ali pa wotipatsayo. Timayankha kuti "wawa" kapena "ine, amayi" kuti woitanayo adziwe kuti tamva ndipo sitikuona kuitana kwake ngati chosokoneza. Timati "inu" ndi "a" kwa wamkulu, ndipo timamutchula ndi mfunda wake kapena dzina la mwana wake, pomukuza. Mlendo timamulandira katundu ndi kumupatsa pokhala tisanamulonjere, chifukwa wayenda ndipo watopa. Timati "zikomo" podutsa pamene anthu akhala. Timati "pepani" kwa munthu amene wapunthwa ngakhale mwalawo sitinaike ndife.

Zonsezi zikuuza mnzathu chinthu chimodzi, chakuti tamuona ndipo tikumuwerengera. Mwana akamvetsa zimenezi angathe kupeza yekha chochita pamalo pamene sitinamuphunzitse. M'minibasi sangagwade, koma angathe kusiyira agogo mpando. Makolo athu sanatilange za foni, koma mwana wodziwa chifukwa cha ulemu adzaiika pansi munthu akamamulankhula, ndipo pa WhatsApp adzayamba ndi moni asanapemphe chimene akufuna.

Apa m'pamene ulemu umasiyanirana ndi mantha. Kunja zimafanana: onse awiri amagwada, onse awiri amati "wawa". Koma wamantha amagwadira amene angathe kumumenya basi. Akakumana ndi wantchito wa pakhomo, woyendetsa kabaza, munthu wolumala kapena mng'ono wake, ulemu uja umasowa. Waphunzira kuti ulemu umapita kwa amphamvu, ndipo akadzakula adzaufuna kwa ofooka ndi mkwapulo womwewo.

Palinso choopsa china. Mwana amene anaphunzitsidwa kuti ulemu n'kukhala chete pamaso pa wamkulu aliyense sadzanena wamkulu wina akamamuchita zoipa. Adzaopa kuti azimuyesa wamwano. Choncho kulanga kwabwino kumaphunzitsanso mwana kukana mwaulemu, kufunsa pamene sanamvetse, ndi kuulula chimene chikumuvutitsa. Mwana wonena kuti "ayi, amalume, zimenezo sindifuna, ndikawauza amayi" si wamwano. Ameneyo walangidwa bwino.

Tikambirane:
1. Sankhani khalidwe limodzi la ulemu la kwanu. Mungalifotokoze bwanji chifukwa chake kwa mwana wa zaka 6?
2. Kodi munthu wamkulu ali ndi ngongole ya ulemu kwa mwana? Perekani zitsanzo.

Gawo 6: Nanga chilango chithe?

Wina afunsa kuti, kodi ndiye tizingowayang'ana ana akamalakwa? Ayi. Kulekerera si chikondi. Mwana amene sanauzidwepo kuti "apa walakwa" amakamva zimenezo kwa anthu osamukonda. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma tonse tikudziwa kuti kutsina khutu m'mwambiwu n'kuchenjeza, si kukoka khutu mpaka kutupa.

Chichewa chili ndi mawu okwanira otithandiza kusiyanitsa. Kuchenjeza n'kuuza munthu za ngozi isanafike. Kudzudzula n'kumuuza mosabisa kuti chimene wachita n'cholakwika. Kukalipa n'kutulutsa mkwiyo wathu. Kunyoza n'kugwetsa munthuyo m'malo mwa cholakwacho, monga kunena kuti "chitsiru iwe" kapena "ndiwe galu". Kukhaulitsa n'kufuna kuti amve kuwawa mpaka asadzayambirenso. Ziwiri zoyambazo zimayang'ana za mawa za mwana. Zitatu zotsalazo kawirikawiri zimangopepuza mtima wa wamkulu. Tikamanena kuti "ndamulanga", tidzifunse kuti pa zisanuzi tachita chiti.

'Abdu'l-Bahá, polangiza amayi za kaleredwe ka ana, anaphunzitsa kuti mwana akachita bwino ayamikiridwe ndi kulimbikitsidwa, ndipo akaonetsa khalidwe loipa alangizidwe ndi kuwongoledwa m'njira zanzeru, ngakhale kumudzudzula pang'ono ndi mawu ngati kuli kofunika. Koma analetsa kumenya mwana kapena kumutukwana, chifukwa zimenezo zimapotoza khalidwe lake. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 19, amaletsanso makhoti ndi nthambi za boma kupereka chilango chokwapula. Ngati woweruza saloledwa kukwapula mbava yaikulu, tiganizire bwino za dzanja lathu pa mwana wa zaka 5 amene wataya ndiwo.

Mafunso awa angatithandize tisanapereke chilango:

Kodi ndinamuonetsapo njira yoyenera, kapena ndikumulanga chifukwa cha chinthu chimene palibe anamuphunzitsa?
Kodi ndinamuuza chifukwa chake?
Kodi ineyo ndimachita chimene ndikufuna kwa iye?
Kodi mtima wanga watsika, kapena ndidikire kaye?
Kodi chilangochi chikugwirizana ndi cholakwacho?

Funso lomalizali n'lofunika. Wataya madzi mwadala akatunge ena. Watukwana mnzake akapepese pamaso pa amene anamva. Wang'amba kope la mnzake athandize kulikopera. Chilango chotere chimaphunzitsa kukonza chimene waononga. Kumumana nsima chifukwa sanapereke moni sikumuphunzitsa moni. Kumangomuphunzitsa njala ndi chidani. Ndipo ngati n'kotheka, timudzudzulire pambali. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu amakumbukira manyaziwo, phunzirolo n'kuliiwala.

Tikambirane:
1. Ganizirani nthawi yomaliza imene munalanga mwana. Pa mafunso asanuwa, ndi angati amene mukanayankha kuti inde?
2. Kodi tingawauze chiyani achibale amene amati mwana wosamenyedwa amakula wopusa?

Gawo 7: Zimene zinachitika ndi mnyamata uja

Sabata yotsatira tinapita kukacheza kwa azakhali aja. Tinawafunsa kuti, "Amayi, muja munati timulange, mumatanthauza chiyani?" Anakhala chete pang'ono, kenaka anati: "Kumenya ndamenya mpaka dzanja kuwawa. Sizikuthandiza. Mwina inu mukudziwa njira ina." Pocheza tinamva kuti mwanayo anakulira m'nyumba ya chipinda chimodzi, makolo akuchoka m'bandakucha. Panalibe chitseko choti aodirepo, ndipo panalibe amene anamuuzapo za odi. Ankamenyedwa chifukwa chosadziwa njira imene sanalangizidwe.

M'kalasi tinayamba sewero la kuchezerana. Tinajambula nyumba pansi ndi kamtengo. Ana ena anakhala eni nyumba, ena alendo. Mlendo aodire, mwini nyumba ayankhe, amulandire katundu, amupatse pokhala, amulonjere, amupatse madzi ndi manja awiri. Kenaka asinthane. Tinawafunsa kuti, "Unamva bwanji mnzako atangolowa osaodira?" Mnyamata uja ndiye anayankha msanga kuti, "Ndinakwiya, chifukwa anaponda pogona panga."

Ifenso sewerolo linatigwira. Tsiku lina mmodzi wa ife, pofuna kuti ana akhale chete kuti tiyambe phunziro la ulemu, anakuwa kuti, "Iwe, takhala pansi uko!" Kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga inu simunena kuti chonde?" Tinachita manyazi, ndipo tinapepesa pamaso pa ana onse. Sitikukayika kuti pa zonse za tsiku limenelo, kupepesako n'kumene anakutola.

Mnyamatayo sanasinthe tsiku limodzi. Patapita milungu ingapo azakhali ake anatiuza kuti wayamba kuodira, ngakhale pakhomo pawo pomwe. Kuyankha kuti "chiyani" sanasiyiretu, ndipo iwo anavomera kuti tsiku lina anamumenyanso atatopa. Tikuyendabe nawo. Chimene tikuona n'chakuti tsopano mnzathu akamupatsa chekeni sabisanso mutu. Amatambasula manja awiri, nthawi zina limodzi, akakumbuka n'kuwonjezera linalo.

Liwu lakuti kulanga sitingalisinthe ndi lamulo. Tanthauzo la liwu limachokera pa zimene anthu amachita akamalitchula. Ngati ana a m'dera lathu azimva "bwera ndikulange" kenaka n'kupatsidwa pokhala, kufotokozeredwa ndi kuonetsedwa, adzakula akudziwa tanthauzo limene agogo athu ankalidziwa, ndipo adzalipereka kwa ana awo.

Zochita tisanakumanenso:
1. Aliyense asankhe mwana mmodzi wa pakhomo pake kapena wa pafupi, ndi khalidwe limodzi la ulemu. Apeze nthawi imene mwanayo sanalakwe chilichonse, akhale naye pansi, amuonetse, amuuze chifukwa chake, ndipo ayeserere limodzi.
2. Mwanayo akachita bwino, timuyamikire pomwepo, motchula chimene wachita.
3. Tifunse munthu wachikulire mmodzi kuti kwa iye "kulanga" n'kutani, ndipo tilembe yankho lake.
4. Sabata yonse tidziyang'anire tokha: kodi ana timawaitana bwanji, timawayankha bwanji, ndipo timalandira bwanji chinthu m'manja mwawo?

Tikadzakumana, tidzayamba ndi kumva zimene aliyense wapeza.